Ukafika ku Joni Ukamuone Mlongo Wako Lameki

Mandeya, ku Honde

Dorika mwana wanga,

Ndikulemba dzuwa likadalipo, ndili kuseri kwa nyumba pabenchi yopendekeka ija, chifukwa maso anga masiku ano amaweruka msanga kuposa antchito a boma. Iwe uli m'nyumba ndi mayi ako, mukulimbirana chikwama. Iwo akuti bulangete lilowe, iwe ukuti ku koleji amapereka. Usataye mphamvu zako, bulangetelo lilowa. Ine chiwakwatirireni sindinawapambanepo, ndiye iwe wongodziwa kuthamanga ungawathe?

Ukudabwa kuti bambo ako, amene anthu anawatcha Wayilesi chifukwa pakamwa sipatsekeka ngakhale m'tchalitchi, lero agwira bolopeni. Vuto ndi lilime langa. Ndikayamba kunena zenizeni limapatuka lokha kulowera ku nthabwala, iwe n'kuseka, ine n'kuseka, nkhani n'kufera pomwepo. Mwina papepala ndiyenda mowongoka pang'ono. Sukulu ndinalekera ku pulayimale, zilembo zopunduka uziwongola wekha. Uwerenge kalatayi basi itadutsa Mutare, osati pokwerera pa Hauna, ndisaone nkhope yako.

Ndiyambe ndi chimene ndikufuna, zina zonsezi n'zongoperekeza. Ukafika ku Joni ukamuone mlongo wako Lameki. Ndikudziwa kuti chimugwirireni ndi mankhwala owonjezera mphamvu n'kumuletsa mipikisano ya liwiro, iwe dzina lake sulifuna. Lamulungu lapitali unanena tikudya kuti ngakhale koleji yako ili mumzinda womwe iye akukhala, phazi lako silidzaponda pakhomo pake. Ndinamva. Sindinayankhe chifukwa m'kamwa munali nyama, ndipo nyama pano siibwera kawirikawiri. Yankho langa ndi limeneli, koma upirire, lidutsira kutali.

Ndili mnyamata ku esiteti ya tiyi ku Chipinge, tisanasamukire kuno, kunkakhala tsiku la masewera, makomboni kupikisana, wopambana liwiro n'kulandira ketulo. Ndinali ndi liwiro ine, usaseke, miyendo yakoyo sunaitenge kwa mayi ako. Koma ketuloyo ndinaifuna mopitirira, moti mnzanga Zuze ananditengera kwa mkulu wina kuseri kwa nkhalango ya Chirinda, chakumalire. Mkuluyo ananditema mphini m'misongolo monse, n'kupakamo ufa wakuda. Ndinafunsa kuti ufawu ndi wa chiyani. Anati, "Wabwera kudzathamanga kapena kudzaphunzira?" Kenako anandipatsa malamulo: "Usalumphe madzi, usayang'ane mkazi mpaka mpikisano utatha." Ndinati, "Madala, za madzizo ndamva, koma lachiwirilo mulibe lina?" Sanaseke. Pofika tsiku la masewera miyendo inali itatupa ngati mathunthu a nthochi, nsapato osalowa, ndipo mpikisanowo ndinauonera ndili pangolo ya thirakitala. Ketulo inapita kwa mnyamata wa komboni ya kumtunda, amene naye anali ndi kachingwe kake m'chiuno. Pakomboni palibe ananditcha wakuba. Onse anati mankhwala anali abwino, koma Jailosi anayang'ana mkazi. Zimenezonso zinali zoona. Anali mayi ako, ankatunga madzi pampopi.

Ndiye tamvera, Dorika. Chilichonse chimene munthu akufuna kuika m'thupi mwako, funsa dzina lake. Akakwiya ndi funsolo, nyamuka. Kaya ndi kochi, kaya ndi mnzako wa m'chipinda, kaya ndi mnyamata wa mano oyera amene akuti ndi mavitamini chabe, funsa dzina, ukalionetse kwa dokotala wa timu. Ngakhale mankhwala a chifuwa. Ndikuuzenso kuti azakhali ako a Feliya anasokerera kathumba ka ufa m'kati mwa chikwama chako, akuti uzithira m'phala kuti miyendo izipepuka. Ndakachotsa muli kumadzi. Chimene chilimo sindichidziwa, iwonso sachidziwa, anagula kwa munthu wa njinga. Ndamuthirira tambala m'madeya, tione mawa ngati athamangitse galu. Akakuimbira foni uziti zikomo azakhali, usawonjezepo kanthu.

Lameki anatiuzapo kuti kumipikisano kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuima n'kumayang'ana munthu akukodza m'kabotolo. Ndinamufunsa ngati akulemba ena, chifukwa ntchito yoima n'kumayang'ana ndimaitha kwambiri. Anthu amenewo usadane nawo, mwana wanga. Akabwera uwapatse mpando ndi moni, botolo lawo ulidzaze mpaka pakamwa. Munthu amene sanabise kanthu amakodza mwamtendere.

Titafika kuno ku Honde ndinalowa ntchito yothyola tiyi, ndipo malipiro ankatsata kulemera kwa dengu. Masiku a dzuwa masamba amapepuka, umathyola mpaka msana kulira, sikelo n'kumangokuyang'ana. Ndiye tinali ndi nzeru yathu. Masamba a pansi tinkawaviika mumfuleni, pamwamba n'kuyala ouma, kenako n'kupita kukaima pamzere wa sikelo ndi nkhope za anthu a Mulungu. Tsiku lina kapitawo Nyamunda anazungulira kumbuyo kwanga n'kuona buluku lili chonyowa mpaka m'mawondo. Anati, "Iwe Wayilesi, mvula yagwa pa iwe wekha?" Ndinati, "Ndi thukuta, akapitawo, ine ntchito ndimagwira ndi mtima wonse." Anandilanda dengu n'kukhuthulira pa lona. Madzi anayenderera, ndipo m'masambamo munatuluka kachule, n'kulumpha kulowera kwa kalaliki. Kapitawo anati, "Thukuta lako limaswa achule?" Mzere wonse unagwa ndi phwete. Koma ndili pansi kutola masamba anga ndinaona chinthu: onse osekawo ankaseka atalozetsa misana kutchire, palibe ankafuna kutembenuka.

Anandiimitsa ntchito masiku angapo, ndipo ndinkaganiza kuti nkhani yathera pa chule. Koma kuyambira pamenepo kalaliki anayamba kudula za madzi padengu lililonse, lonyowa ndi louma lomwe. Panali mayi wina wamasiye, Mai Saruchera, amene chiyambireni sanaviikepo tsamba. Tinakumana pakanjira ka ku fakitale, anatula dengu n'kunena mofatsa, "Baba Lameki, za chule zija nanenso ndinaseka. Koma madzi anuwo akuwadula pa chakudya cha ana anga." Ndinafufuza nthabwala m'matumba monse, sindinaipeze.

N'chifukwa chake sudzandimva ndikunena kuti Lameki sanalakwe. Analakwa. Pampikisano umene anapambana uja panali mnyamata wina amene anafika pambuyo pake ndi miyendo yake yokha, ndipo nayenso ali ndi bambo ake kwinakwake amene ankadikira. Anamubera ameneyo. Anakuberanso iwe. Ndikudziwa zimene atsikana anzako anakuchita ku Mutare utawasiya kutali, kukuzungulira n'kumati tationetsa mikono tione pobayira. Unabwera osadya, mendulo n'kuiponya m'dengu la zovala zakuda. Madzi a Lameki anawadula padengu lako louma, ndipo mkwiyo wako sindikuulanda. Ndi wako, unaugwirira ntchito. Ndikungoti upite nawo kwa mwini wake, m'malo mousenza wekha m'dziko la eni.

Koma uziyang'ananso misana ya amene akuseka. Tsiku limene Lameki anaoneka pa tivi, iwe unali wamng'ono, sunalowe m'bala ya pa Hauna, koma ine ndinalimo. Anthu anakwera pamatebulo. Amanyika, eni ake a chigwa chino, ankandikumbatira n'kumati mwana wedu, mwana wa muHonde. Kombi ina yonyamula anthu inalembedwa dzina lake kumbuyo ndi penti yofiira. Amuna amene sanandipatsepo moni anandigulira mowa mpaka ndinaiwala njira ya ku Mandeya. Nkhani ya mankhwala itamveka, dzina pakombi linafufutidwa sabata isanathe, ndipo mwana wa muHonde anasanduka mwana wa maBhurandaya, dzina lotinyozera ife amene makolo athu anachokera ku Nyasalande. Ankati mukudziwa inu, anthu a ku Nyasalande ndi mankhwala sasiyana. Agogo ako anafika m'dziko lino wapansi, anafera m'tiyi wa dziko lino, koma jakisoni mmodzi anatibwezera tonse ku Mulanje kumene sitinakuonepo. Uzidziwa zimenezi ukamapambana. Owomba m'manja uziwathokoza, koma usawakonzere pogona.

Amene ananena za maBhurandaya mokweza kwambiri ndi Chikwanha wa malole a nthochi, amene nthochi zake zimachoka kuno zili zobiriwira n'kukafika ku Mutare zili chikasu, chifukwa cha mankhwala amene amazipopera. Sindingamunene kwambiri, inenso ndinayesapo. Chaka china ndinatopa ndi kuvundika, ndinagula kabotolo kwa iye yemweyo, ndipo poganiza kuti zambiri ndiye zabwino ndinathira kabotolo konse pamikoko ya m'dimba lonse. M'mawa zinali zokongola ngati za pachithunzi. Mayi wina pamsika analuma imodzi n'kundifunsa ngati ndikugulitsa chinangwa chovala malaya a nthochi. Pofika madzulo zinali zitada, zikuchucha, ngakhale nkhumba za kwa aneba zinanunkhiza n'kubwerera. Abusa akanakhala ndi nkhani imeneyi akanalalikira mpaka nthawi ya nkhomaliro kupitirira. Ine ndingoti, munthu akadzakuuza kuti ali ndi njira yoti upse msanga, funsa dzina la chimene chili m'botolo, kenako uthawe. Kuthawa ndiye umakutha.

Pali foni ina imene ndimaikumbukira ndikamadula nthochi. Lameki anaimba mpikisano waukulu uja usanafike, anati, "Bambo, bondo likundivuta, mwina chaka chino ndipume." Panthawiyo n'kuti nditauza kale chigwa chonse kuti mwana wanga akabweranso ndi chikho, ndipo khitchini ya mayi ako tinali titaisasula udzu podikira malata. Ndinati, "Bondo n'chiyani, si uli nalo lina?" Anaseka, ine n'kuseka. Kenako kunapezeka munthu kukalabu kwawo amene anati ali ndi jakisoni wochiritsa msanga. Kaya Lameki sanafunse dzina, kaya anafunsa n'kuchita ngati sanamve, sindidziwa, ndipo ndinaleka kufuna kudziwa. Mkono anapereka yekha, ndi wamkulu. Koma iwe, Dorika, ukadzavulala uimbire mayi ako, usaimbire ine. Ndikadzakupempha kanthu, kaya malata, kaya wayilesi, kaya jekete, undikanize. Ukadzafika wotsiriza pampikisano, ubwere kuno tidzakuphere nkhuku chimodzimodzi, ingokhala yaing'onoko.

Tsopano ndafika pa za agalu, zimene iwe unangomva kwa anthu chifukwa unali ku sukulu yogonera. Atamuletsa mipikisano Lameki anabwera kunyumba. Sanatsikire pa Hauna, anatsikira pamlatho n'kudzera m'minda ya nthochi ngati mbava. Anakhala m'nyumba osatuluka, kudya pang'ono, kuyankha ndi mutu. Ine mtima unkandipweteka, koma mankhwala amene ndimawadziwa ndi amodzi okha, kuseketsa munthu. Linafika tsiku lobaya agalu katemera wa chiwewe ku dipi, ndipo ndinamukakamiza kuti andiperekeze, akandigwirire galu wanga Bhoki, awombedweko mphepo. Anavomera. Kunali anthu ambiri, Mandeya yense ndi agalu ake, ndipo titafika phokoso linazima, anthu n'kumayang'ana pansi. Bata limenelo linandiyabwa. Alangizi a ziweto atamubaya Bhoki n'kutulutsa singano, ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Abwana, mukamaliza agalu mumubayenso uyu, ndi kasitomala wakale."

Anaseka anthu, Dorika. Sindinaseketsepo anthu chotero moyo wanga wonse. Alangizi anachita kukhala pansi. Ine ndinatembenuka kuti ndione ngati nayenso akuseka, poganiza kuti ndathetsa bata limene linatigwira tonse. Anali atagwira chingwe cha galu ndi manja awiri, akundiyang'ana. Sanakwiye. Akanakwiya bwenzi zili bwino. Anandipatsira chingwecho bwinobwino n'kunena kuti, "Gwirani, bambo." Anayenda osathamanga, mwana amene chibadwire sankadziwa kuyenda pang'onopang'ono. Kutacha anali atapita, ndipo mpaka lero ana a ku dipi akaona galu wanga watsopanoyu amakuwa kuti kasitomala.

Mayi ako anakhala nthawi yaitali akundiikira chakudya patebulo ngati akuikira mlendo wa boma. Tsiku lina ndinati, "Anaphiri, anthu onse aja ankamunena kuseri, ine ndinangonena poyera." Anati, "Anthu onse aja si bambo ake."

Amaimba foni kwa mayi ako, umadziwa. Amawauza kuti akulondera magalimoto pamalo ena oimikapo, kuti ali bwino, kuti kukuzizira. Mayi ako akati bambo ako ali pompano, n'kundipatsira foni, kumakhala zii. Sadula. Ndimamumva akupuma. Ine ndimati, "Lameki, nthochi zabereka chaka chino," kapena, "Bhoki anafa," ndiye ndimamva kupuma kokha mpaka ndalama za foni zithe. Kupuma kwakeko ndimakudziwa, ndi komwe ndinkakumva m'mawa uliwonse akamabwera kuchokera ku mtsinje wa Pungwe, atakwera chitunda chathuchi osaima. Mpaka pano m'bandakucha ukafika ndimadzidzimuka ndikamva mapazi panjira, koma amakhala ana a sukulu kapena mbuzi za eni. Kondakitala wa basi ya ku Joni anandiuza kuti anamuonapo akuthamanga yekha m'mphepete mwa msewu kusanache bwino, wopanda nambala pachifuwa, wopanda womuwombera m'manja. Ndinamufunsa kondakitalayo kuti bondo linali bwanji. Anati sanayang'ane. Munthu wamaso awiri osayang'ana bondo.

Sindikudwala, usayambe kulira m'basi anthu angakubere. Koma anzanga a pamzere wa sikelo ndawaperekeza kumanda pafupifupi onse, Zuze yemwe, kapitawo Nyamunda yemwe, ndipo anyamata onyamula maliro ayamba kundiyang'ana ngati akundiyeza kulemera. Mawa iwenso ukupita. Pakhomo pano patsala nkhalamba ziwiri, imodzi yolankhula kwambiri, ina yotopa ndi kumvera. Ndinazolowera kukuwerengera maulendo ukamazungulira bwalo la sukulu, ndikunama kuti watsala ndi umodzi pamene wamaliza. Ndani andikwiyire tsopano? Ana awiri ndinabereka othamanga, ndipo onse athamangira mbali imodzi.

Ndiye ukamuone mlongo wako. Uyambe wafunsa kochi wako ngati malamulo a masewera anuwo akulola, usalowe m'mavuto chifukwa cha ine, ndalowetsamo kale mmodzi. Sindikuti uzikathamanga naye, kapena kulandira chilichonse cha m'manja mwake kupatula tiyi. Nambala yake ili ndi mayi ako. Upite masana, uvale juzi ya koleji, aione. Ukafuna kumukalipira umukalipire, unene za ku Mutare zonse, m'Chishona ngati ukufuna, chimakalipa bwino kuposa chathu. Ukamaliza usanyamuke. Ukhale pansi, umufunse ngati wadya. Ndi iyeyo amene anakugulira nsapato zako zoyamba zothamangira, zazikulu, n'kuzifutsa mapepala kutsogolo, iwe n'kumayenda nazo pabwalo ukuti achimwene, achimwene, taonani. Amene anakugulira nsapato ndi amene anapereka mkono kwa wa jakisoni ndi munthu mmodzi, sindingakugawire kuti utenge mbali yabwino yokha. Inenso sanandigawe, mumandidya chonchi ndi minga zanga.

Ukaona kuti wamwa tiyi wake, umuuze mawu awa, usawakongoletse ndi Chingerezi cha ku koleji. Bambo akuti za ku dipi zija analakwa, ndipo sizinali zoseketsa ngakhale anthu anaseka. Bambo akuti ubwere pa Khirisimasi. Usatsikire pamlatho. Utsikire pa Hauna penipeni, masana, tsiku la msika, pamene Chikwanha akukweza nthochi zake. Iwo adzakhala ataima pamenepo ndi jekete la ku tchalitchi, chikwama adzasenza okha, ndipo mudzadutsa pakati pa anthu pang'onopang'ono mpaka kokwerera za ku Mandeya. Amene adzatsegule pakamwa adzayambe wathana ndi Wayilesi, ndipo Wayilesi amadziwa za dengu la munthu aliyense m'chigwa chino.

Akakufunsa ngati ndasiya nthabwala, usamunamize, sindinasiye, ndidzafa nazo. Umuuze kuti za iye zokha ndiye zinatha. Akakana kubwera usamukakamize, ndipo usamukwiyirenso kachiwiri. Ungomupempha chinthu chimodzi, kuti tsiku lina mayi ake akadzandipatsira foni, adzanene kuti, "Ndamva, bambo." Zotsalazo ndidzalankhula ndine, monga mwa masiku onse.

Uyende bwino, mwana wanga. Mulungu akusunge, iwe ndi mawondo ako onse awiri.

Ndine bambo ako,
Jailosi